Kunenerera kanema, bandulo ndi mayunitsi

Aliyense amene anaimapo pa Lizulu amadziwa kuti mtengo woyamba wa ndowa ya kachewere si wogulira. Mayi wogulitsa amatchula wake, iwe umatchula wako, iye amaseka n'kuyang'ana kumbali, iwe umanyamuka ngati ukupita kwa mnzake wapafupi, ndipo usanapite patali umamva, "Bwerani achimwene, tikambirane." Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu tinakula tikuona zimenezi, moti kugula osanenerera timakuyesa kusasamala ndalama. Chondidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, amene angalimbane ndi wogulitsa kabichi mpaka minibasi kumusiya, mwezi ukatha amatenga foni, amalipira kanema, amagula bandulo ndi mayunitsi pa mtengo umene wapeza, osafunsa ngakhale funso limodzi. Akadandaula ndiye kuti akudandaulira mnzake pa bawo, kumene kampani siingamve.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndimadyera pa intaneti. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kusindikiza mapepala pa Dedza boma. Ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito, ndimathandiza ana amene akhoza MSCE kufunsira malo ku mayunivesite, ndimatumizira aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi malipoti awo ku Lilongwe. Netiweki ikavuta, tsiku limenelo ndimangogulitsa maenvulopu. Kunyumba kuli kanema: ana amaonera makatuni, mayi a kunyumba nkhani ndi mafilimu, ine mpira. Kumudzi, cha ku Bembeke, kuli amayi anga ndi kafoni kawo ka mabatani. Zonsezi zikaphatikizidwa, ndalama imene imapita ku makampani a kanema ndi a mafoni pa mwezi imaposa ya magetsi ndi madzi. Ndipo yambiri imatuluka pang'onopang'ono, lero K1,000, mawa K500, moti sumaiona ikupita.

Alamu anga amene amagwira ntchito ku Manchester atamva kudandaula kwanga anati, "Alamu, ingowaimbirani muwauze kuti mukusiya. Kuno timatero, amatsitsa pompo." Kumeneko n'zoonadi. Munthu amasaina pangano la miyezi 12, 18 kapena 24 la intaneti ya m'nyumba, kanema ndi foni, nthawi zina zonse kwa kampani imodzi. Pangano likatha mtengo umakwera, ndipo makampaniwo analemba anthu amene ntchito yawo n'kunyengerera kasitomala wofuna kuchoka, atawapatsa chilolezo chomutsitsira. Kuno ambiri aife tilibe pangano ndi wina aliyense. Timalipiriratu. Ukaimba n'kunena kuti ukusiya, woyankha foniyo alibe chilolezo chokutsitsira, ndipo sadzidzimuka n'komwe, chifukwa kuno wosiya satsanzika, amangoleka kulipira.

Koma ine ndimaona kuti mphamvu yathu ili pomwepo. Wa ku Manchester mpata wonenerera amaupeza kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri. Ife zimene tagula zimatha masiku 30 aliwonse, zina pa sabata, zina usiku womwewo, ndiye kampani imayenera kutikopa mwatsopano nthawi zonse. Kungoti makampaniwa samva pakamwa. Amamva dikoda yozima ndi layini imene yaleka kugula. Makompyuta awo amaona zimenezo msanga kuposa kalata iliyonse ya madandaulo.

Musanayambe kulimbana nawo, dziwani amene alibe mlandu. Mtsikana wa pa kauntala ku shopu ya kampani, kapena mnyamata wa m'kakiyosiki ka pamsika amene amakuikirani mayunitsi, saika mtengo. Ejenti amapeza kakomishoni kochepa, ndipo mpamba woyendetsera bizinesiyo ndi wake. Ndimamva chisoni ndikaona bambo wamkulu akukalipira mwana wa eni pa kiyosiki kuti "mukutibera," pamene mwanayo wakhala pa mphepo ya Juni ya kuno kuyambira m'mamawa, manja ali m'matumba a jekete.

M'kati mwa mtengo wa bandulo muli zinthu zimene ngakhale mabwana a ku likulu la kampani sangachotse. Muli msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali 16.5 peresenti. Muli msonkho wa 10 peresenti wa pa mauthenga a SMS ndi data, umene unabwera mu bajeti ya 2015 nduna ya zachuma ali malemu Goodall Gondwe. Mulinso madola. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti imatifika kudzera m'mawaya ochokera ku magombe a Tanzania ndi Mozambique, ndipo eni mawayawo salandira makwacha. Zida za pa nsanja za netiweki zimagulidwa kunja. Magetsi akazima nsanja zambiri zimayendera jenereta, ndipo dizilo wake ndi wa madola. Mpira wa ku England umene timaonera Loweruka, chilolezo chouonetsa chimagulidwanso ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, panalibe kunenerera kumene kukanaletsa mitengo kukwera.

Sindikuwaikira kumbuyo makampaniwa ayi. Airtel Malawi ndi TNM onse ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, ndipo malipoti a phindu lawo amatuluka poyera chaka ndi chaka, aliyense angawerenge n'kudziweruzira yekha ngati akuvutikadi. Ndikungonena kuti mtengo umene umaoneka pa foni ukadina makodi aja susintha chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo lamulo la Communications Act la 2016 limafuna kuti kusintha mitengo kudzere ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, wailesi ndi kanema. Chimene munthu mmodzi angasinthe ndi chimene akugula, nthawi imene akugula, ndiponso kumene akugula. Pamenepo pali ndalama zambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Kanema ndi amene amatenga ndalama yaikulu nthawi imodzi. Kwathu tinakhala pansi madzulo ena n'kulemba papepala matchanelo amene timatseguladi. Ana anatchula awiri a makatuni. Mayi a kunyumba anatchula MBC, Times, Zodiak ndi ina ya mafilimu. Ine mpira, ndipo mpira wake wa ligi imodzi. Pepala silinafike ndi theka lomwe. Otsalawo anali a gofu, a mipikisano ya magalimoto, a kaphikidwe ka zakudya zimene zipangizo zake sizipezeka pamsika wa Dedza. Yesani kuchita zimenezi pa banja panu, aliyense atchule zimene anaonera sabata yathayi, osati zimene amafuna atamaonera. Kenako funsani pakeji yotsikitsitsa imene muli matchanelo amenewo. Matchanelo a konkuno amapezekanso pa dikoda ya Kiliye Kiliye kumene siginolo yake imafika, ndipo kupatula DStv pali GOtv, Azam TV ndi ena.

Palinso nkhani ya nyengo. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Mu Juni ndi Julayi, pokhapokha pakhale World Cup kapena mpikisano wina waukulu, amene amalipirira mpira amalipira zimene sakuona. Ndalama ya miyezi iwiri imeneyo ikhoza kugula yunifomu ndi makope sukulu zikamatsegulira mu Seputembala.

Chaka china ligi itatha ndinaisiya dikoda yozima. Ana anang'ung'udza masiku oyambirira, kenako anazolowera kusewera ndi anzawo panja. Patapita masabata angapo mauthenga anayamba kubwera, ndipo tsiku lina ndili pa mashini a fotokope, foni inaitana.

"Bambo, tikuona kuti kanema wanu simunalipire. Kodi dikoda ili ndi vuto?"

"Dikoda ili bwinobwino, chemwali. Mtengo ndi umene wandikulira."

"Pepani bambo. Panopa tili ndi mwayi woti mukalipira pakeji ya m'munsi, tikutsegulirani ya pamwamba pake kwa mwezi wathunthu."

"Nanga mwezi winawo?"

Anayankha moona mtima kuti mwezi winawo ndidzaona imene ndalipira basi. Ndinamufunsa tsiku lomaliza la mwayiwo, anati kumapeto kwa Ogasiti. Ndinamufunsanso ngati pali kanthu kwa munthu wolipira miyezi ingapo nthawi imodzi, ndiponso ngati ndalama yotsalira mu akaunti siidzadulidwa yokha pa pakeji ya pamwambayo mwezi ukatha. Anandifotokozera bwinobwino, ndinamuthokoza, koma tsiku limenelo sindinalipire. Ndinalipira sabata imene ligi inkayamba, pa mtengo wa m'munsi, n'kulemba pa kalendala ya kushopu tsiku limene mwayiwo utha.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti munthu amene amalipira pa tsiku lake osaphonya palibe amamuimbira. Ndimadziwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene wakhala akulipira kanema kuyambira kalekale. Penshoni ikangotuluka amayambira pamenepo, asanagule ndiwo, ndipo sanalandirepo foni yomupatsa mwayi uliwonse. Mwayi umapita kwa ife amene tazimitsa. Si chilungamo, koma ndi mmene malondawa akuyendera, ndipo ndinamuuza mkuluyo kuti aphonye dala mwezi umodzi aone. Dziwaninso kuti cholinga cha mwayi woterewu n'choti ana azolowere matchanelo atsopanowo, mwezi wamawa akulirireni. Auzeni kuyambira tsiku loyamba kuti zimenezi ndi za mwezi umodzi.

Magetsi nawo muziwawerengera. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. Masiku a kanema ankawerengedwabe nyumba ili mu mdima. Nyengo yoteroyo ikabweranso, amene alibe sola kapena inivetala alibe chifukwa cholipirira pakeji yodula.

Amene amaganiza kuti boma lingangolamula mtengo zinthu n'kutheka, akumbuke za 2023. Bungwe la MACRA linakatenga chiletso ku khoti choimitsa kukwera kwa mitengo ya DStv, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho MultiChoice Africa, kampani yoyendetsa DStv, inalengeza kuti yachotsa DStv m'Malawi. Inaleka kulandira ndalama, ndipo amene masiku awo atha, kanema ankangoda. Mfundo ya kampaniyo inali yakuti MultiChoice Malawi siika mitengo ya DStv, amaika ndi eni ake a kunja. Khoti lalikulu litagamula mu Disembala, DStv inabwerera. Pa miyezi imeneyo amene ndinkawamvera chisoni ndi anyamata a mashoo a mpira m'matiredingi, amene chakudya chawo chimachokera pa Loweruka ndi Lamulungu. Ine ndimaona kuti MACRA inali ndi chifukwa chofunsira, poti ntchito yake ndi imeneyo. Koma nkhaniyo inationetsa kuti wogulitsa nayenso amatha kunyamuka, makamaka ngati msika wake ndi waung'ono ndipo ndalama zimene akutolera zikuvuta kuzisintha kukhala madola. Inaonetsanso anthu kuti angakhale opanda. Ena amene ndimawadziwa anagula madikoda a makampani ena nthawi imeneyo, ndipo lero amasankha yolipira mwezi ndi mwezi, malinga ndi zimene zikuonetsedwa.

Za mafoni n'zosiyana, chifukwa ndalama yake siituluka kamodzi. Ambiri aife tili ndi malayini awiri, ya 088 ndi ya 099, m'foni imodzi. Tinayamba kutero chifukwa kuimbira mnzako wa netiweki yomweyo kumatsika mtengo, komanso chifukwa cha mapiri a kuno: netiweki imene imagwira bwino pa boma ikhoza kusowa ukangotsetsereka ku Golomoti kapena ukalowa cha ku Lobi. Malayini awiriwo ndiye chida chonenerera. Makampani amatumiza mabandulo apadera kwa munthu payekha, malinga ndi mmene akugulira, ndipo ine ndaona kuti layini imene ndaisiya kwa kanthawi ndi imene imalandira otsika mtengo. Musanagule, onani mbali zonse ziwiri. Musayang'ane mtengo wokha, gawani ndalamayo ndi kuchuluka kwa data, muone kuti 1GB ikukufikirani pa zingati ndipo itha liti.

Mukachita masamu amenewa mupeza chinthu chokhumudwitsa. Nthawi zambiri wogula timabandulo ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku amawononga zambiri pa mwezi kuposa wogula yaikulu kamodzi. Mnyamata wa kabaza amene amagula ka tsiku limodzi kuti aone WhatsApp, data yake imamudulira kuposa ya bwana wa mu ofesi. Sachita kufuna, ndalama yake imabwera ya tsiku ndi tsiku. Akakongolanso mayunitsi, pobweza amadulidwa kena pamwamba. Anyamata amene amabwera kudzatchaja mafoni kushopu ndimawauza kuti azisunga ka tsiku ndi tsikuko ku Mpamba kapena ku Airtel Money mpaka kakwane ya sabata, ndipo azimitse data bandulo ikatha kuti foni isayambe kudya mayunitsi. Mapulogalamu a m'foni amene amafuna kukonzedwanso, ndi mavidiyo aakulu, adikire bandulo ya usiku. Ena amamva, ena amati mawa sadziwika, ndipo sindiwaimba mlandu.

Koma ndalama imene imandipweteka mtima kwambiri ndi imene imachoka munthu osadziwa. Ndinapita kumudzi kukaona amayi nyengo yokumba kachewere. Titapatsana moni pakhonde, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kafoni kawo kokulungidwa m'kansalu.

"Bambo, mayunitsi munanditumizira aja atha. Komatu ine sindinaimbire munthu, ndimangolandira."

Ndinatsegula mauthenga. Anali odzaza mpaka foni kukana kulandira ena, onse a m'Chingerezi, chimene amayi sawerenga. Pakati pawo panali obwera m'mawa uliwonse, onena kuti adulidwa K50 ya nyimbo imene woimba foni amamva podikira, ndi ina ya malangizo a tsiku ndi tsiku. Mwina anadina batani pamene uthenga unatulukira pa sikirini akufuna kuuchotsa, mwina ndi adzukulu amene amaseweretsa foniyo. K50 pa tsiku ndi K1,500 pa mwezi, pa chinthu chimodzi chokha, kwa gogo amene amawerenga makobidi a kuchigayo.

Ndinaimbira kampani yake pomwepo. Woyankha anati sangasinthe kanthu asanalankhule ndi mwini layini, poti kuyambira 2018 layini iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Amayi anapukuta manja pa chitenje, analandira foni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Wawa." Anatchula dzina lawo ndi chaka chobadwa, mokweza ngati munthuyo ali kutsidya kwa dimba, kenako anandibwezera. Ndinapempha zinthu zitatu: achotse zonse zimene layiniyo inalembetsedwa, atseke kuti zisadzalowenso popanda mwiniwake kupempha, ndiponso abweze zimene anadula. Choyamba anachita nthawi yomweyo. Chachitatu anati n'chovuta. Ndinapempha nambala ya dandaulo langa ndi dzina la amene ndikulankhula naye, n'kunena mofatsa kuti likapanda kuyankhidwa ndikalitengera ku MACRA, kumene kuli ofesi yolandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni. Patapita masiku mayunitsi ena anabwezedwa, osati onse. Nonse amene mumatumizira makolo mayunitsi, mukapita kumudzi tsegulani mauthenga a m'mafoni awo. Kukalipa pa foni sikuthandiza, amene wayankhayo ndi wantchito chabe. Chimene chimayendetsa nkhani ndi nambala ya dandaulo.

Kuno tilinso ndi nkhani ya malire. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire enieni, mbali inayo ndi Mozambique. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, imatha kulumphira ya kutsidya uli pa Lizulu pomwepo, ndipo mayunitsi amayamba kudulidwa ngati uli kunja kwa dziko. Amalonda oyenda msewu umenewu, ikani foni kuti muzisankha netiweki pamanja. Anthu ena a m'malirewo amasunganso simu khadi ya Movitel kapena Vodacom, makamaka amene ali ndi minda ndi abale ku Angónia, ndipo amadziwa kuyerekeza mitengo ya maiko awiri kuposa ife a pa boma.

Kumene ndinaonadi kunenerera kwa maso ndi maso ndi pa intaneti ya kushopu. Pa mzere wathu tilipo atatu amene timaifuna tsiku lonse: ine, mnyamata wokonza mafoni, ndi mayi wina wogulitsa mbewu ndi feteleza amene amatumiza maoda ndi kulandira ndalama pa foni. Aliyense ankagula yake, ya sabata. Titaphatikiza zimene tonse timawononga, tinaona kuti ndi ndalama yoti kampani ingatimvere. Sitinapite pa kauntala. Tinafunsa nambala ya munthu wa kampani amene amayendera mabizinesi m'maboma, chifukwa ameneyo amapatsidwa chiwerengero cha makasitomala choti akwanitse, ndipo ali ndi mpata umene wa pa kauntala alibe. Tinamuitana cha kumapeto kwa mwezi.

Anabwera ndi rauta, kachipangizo kogawa intaneti, m'chikwama. Tisanakambe za ndalama ndinamupempha aiyatse m'shopu momwemo, kuseri kumene kuli kompyuta, osati panja pa msewu, ndipo ndinatumiza fayilo yaikulu ya zithunzi tonse tikuona. Pa tebulo ndinali nditaika pepala la mitengo ya kampani ina, loonekera bwino. Anatchula bandulo imene amati ilibe malire. Mayi wa feteleza uja ndi amene anafunsa funso lofunika.

"Achimwene, tiuzeni zoona. Ilibedi malire, kapena ikafika penapake imayamba kukwawa?"

Anavomera kuti ukafika mlingo wina liwiro limatsika mpaka mwezi utha. Tinamuuza alembe mlingowo papepala. Tinafunsanso ngati n'zololedwa kuti mashopu atatu alumikize pa rauta imodzi, poti kugawana ndi anzako n'kosiyana ndi kugulitsa intaneti kwa anthu, kumene kumafuna chiphaso. Mtengo wa pa mwezi anati sangaukhudze, ndipo tinadziwa kuti akunena zoona. Ndiye tinasiya mtengowo n'kupita pa zina zonse. Rauta tinapempha itsike ngati tilipiriratu miyezi itatu. Anatuluka panja kukaimbira bwana wake, anabwerera n'kunena kuti itsika ndi theka. Tinapempha nambala yake yeniyeni yoti tiziimba netiweki ikaduka, kuti tisamadikire pa mzere wa aliyense. Anatipatsa. Wokonza mafoni uja anangotchula kuti malo ena ogona alendo ayamba kugwiritsa ntchito Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inafika m'Malawi mu 2023. Tonse tinkadziwa kuti zida zake sitingazikwanitse panthawiyo, koma mlendo wathuyo anaonjezera data ya mwezi woyamba. Lero aliyense wa ife amasonkha zochepa kuposa zimene ankawononga payekha, ndipo ndalama amasunga ndi mayi uja, m'kabuku kamene amalembamo ngongole za feteleza.

Atatu tinapeza zimene mmodzi sakanapeza, ndipo mitengo yolembedwa ija, imene ndanena kuti munthu mmodzi sangaisunthe, inasunthapo anthu atalankhula ambiri. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ana ankauzidwa kuti aziphunzira pa intaneti, ndipo achinyamata anadzaza Facebook ndi Twitter ndi mfuu ya #DataMustFall. Chaka chomwecho kafukufuku wa Cable.co.uk anaika Malawi m'gulu la maiko amene 1GB inali yodula kwambiri pa dziko lonse. Boma latsopano litalowa mu Juni, nduna ya zofalitsa nkhani Gospel Kazako inalankhulapo poyera, MACRA inakambirana ndi makampani, ndipo mtengo wa data ya kunja kwa bandulo unatsika kufika pa K5 pa 1MB. Chaka chotsatira mabandulo ena anatsikanso. Bungwe loimira ogula la CAMA, ndi mkulu wake John Kapito, lakhala likulankhula za mitengo yoterezi kwa zaka zambiri. Pofika 2023 kafukufuku yemwe uja anatiika m'gulu la otsika mtengo mu Africa. Zimenezo tizimve mosamala, chifukwa amawerengera m'madola, ndipo kwacha ikagwa chilichonse cha kuno chimaoneka chotchipa kwa wowerengera m'madola. Mlimi wa nyemba wa ku Mayani sapeza madola. Komabe kutsika kwa 2020 kunali kwenikweni, tonse tinakuona m'mafoni mwathu.

Amene sitinakhale naye pansi mpaka pano ndi wotolera msonkho. Pamene msonkho wa 10 peresenti uja unkabwera mu 2015, anthu ambiri a kumudzi ankaona intaneti ngati ya a m'tauni. Lero mlimi wa tomato wa ku Tsangano amafunsa mtengo wa ku Blantyre pa WhatsApp asanakweze katundu pa lole, mphunzitsi amalandirira pamenepo mauthenga a ntchito, ndipo mwana amafunsira malo a sukulu pa intaneti. Chaka chilichonse nduna ya zachuma imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, koma misonkhanoyo imachitikira m'mizinda ikuluikulu, ndipo olankhula amakhala a mabungwe ndi a makampani. Ife a pa mzere wathu, pamodzi ndi ena a mumsika, talemba kalata yopita kwa phungu wa dera lathu. Tikupempha zinthu ziwiri zoti akazitule ku Nyumba ya Malamulo: msonkho umenewu uchotsedwe pa mabandulo ang'onoang'ono amene amagula anthu osauka, ndiponso data imene munthu walipira kale isamafe chifukwa tsiku lakwana. Kalatayo ili pa kauntala ya kushopu pamodzi ndi cholembera, ndipo tidzaipereka nyumbayo isanayambe kukambirana bajeti yotsatira.